Moto wa Amisiri

"Bwezani nkhunizo pamene mwazitenga."

Amisiri anayankhula ali chiimire pakhomo la kuseri, kapu ya tiyi ili m'manja. Akazi awo anali atafika kale pakati pa bwalo, dzanja lina litakumbatira nkhuni, lina litanyamula chitini chobowokabowoka chodzaza makala amoto omwe anapala m'chitofu cha pabalaza. Sanatembenuke msanga. Anaima kaye, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi chifukwa cha kuzizira kwa m'mawawo, kenako anafunsa ngati nkhuni nazo zayamba kukhala ndi mwini pakhomopo.

Amisiri anati mwini zili naye, ndipo mwiniyo ndi amene amapita kukazigula. Anatinso makala amoto m'chipinda chotseka ndi imfa yeniyeni, munthu amangogona osadzukanso, ndipo iwo, munthu wodziwika dera lonse ndi ntchito yowotcherera zitofu za nkhuni, sangalole kuti maliro otero achokere pakhomo pawo.

"Apo ndiye mwanena zoona," anatero akazi awo. "Makala amapha, chisanu chimaphanso. Ndiye tsegulani chitsekocho, mwana alowe adzawothe moto wosapha."

Mwana amene ankanenedwayo anali Mzime, wotsiriza kubadwa, yekhayo amene adatsala pakhomo anzake atapeza mabanja n'kupita kutali. Anali m'chaka chomaliza cha sekondale pamene mimba idaonekera. Mnyamata wake, mwana wa mwini sitolo ya pamsika, adakana, makolo ake n'kukana naye limodzi. Tsiku limene nkhaniyo idamveka, Amisiri adanena anthu akumva kuti mwana amene wawavula chotere sadzakhalanso pamoto wawo. Kuyambira pamenepo Mzime ankagona m'kanyumba ka kuseri kosungiramo zitsulo zakale, ndipo ndi momwemo m'mene adafikira ndi khanda lake lachimuna pochokera ku chipatala. Kukutentha zinkapiririka. Koma tsopano chisanu chinali chitalowa, chija chimasiya udzu uli mbuu m'mawa ndi kuumitsa zala.

Amisiri anakhazika kapu pawindo. Anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo amene akupotedwa ndi iwo. Amene amadutsa pamsika atazolika mutu ndi iwo. Amene ankagwira ntchito mpaka maso kufiira ndi kuwala kwa chowotcherera kuti mtsikana aphunzire, namadzitama kwa anzawo kuti nyumba yawo itulutsa dokotala, ndi iwo. Mawu adawanena pagulu, ndipo munthu wamkulu sameza malovu omwe walavula kale.

"Madzi akatayika saoleka, bambo," anatero akazi awo. "Mwanayu adalakwa, ndipo akudziwa. Amalira mpaka mkaka kuchepa. Koma khandalo ladya nkhuyu iti? M'mawa uno ndalikhudza mapazi, ali ngati mwala wa mumtsinje."

"Akalipereke kwa eni ake. Kunyumba kwa mwini sitolo kuli chitofu chachikulu, ndidapanga ndine."

"Eni ake ndife. Ena aja adakana."

Atatero, akazi awo anabweza nkhuni pamulu, imodziimodzi, mosanja bwino ngati m'mene anazipezera. Makala aja anakawakhuthulira m'chitofu n'kutseka kachitseko kake. Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi bulangete lawo ndi pilo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero akudutsa. "Mwana uja ndidamumva m'mimba ndine. Poti inu chanu simutsegula, ine ndikatsegula cha uko. Ngati sawotha, inenso sindiwotha."

Amisiri anaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Anapita kushedi yawo ya pamsewu, anadula chitsulo, anawotcherera miyendo ya chitofu cha munthu wina, nabwerako dzuwa litapendeka. Anapeza chakudya chili patebulo, chovundikiridwa bwino, madzi osamba ali m'ndowa, malaya a mawa atasitidwa. Koma chitofu chinali chozizira ngati khasu logona panja.

Apa ndi pomwe anadzidziwa. Zaka zonsezi ankapanga zitofu n'kumauza ogula m'mene angatsegulire kabowo ka mpweya ndi m'mene angachotsere phulusa, koma kukoleza moto wa m'nyumba mwawo inali ntchito ya akazi awo ndi Mzime. Anapanikizamo zikuni zikuluzikulu, nayatsa pepala. Pepalalo linapsa lokha n'kutha. Anayesanso, atagwada, akuuzira mpaka misozi. Utsi unawabwerera kumaso, ndipo anathokoza kuti panalibe wowaona. Moto utagwira, anakhala pampando wawo n'kutambasula miyendo.

Chipinda chinafunda bwino lomwe. Chitsulo chinkalira ke, ke, ke chikamatentha, monga chimachitira chitofu chopangidwa ndi munthu wodziwa. Mipando ina itatu inali yopanda anthu. Kuseri kunamveka kulira kwa khanda, kwakung'ono, kodukiza, kenako mawu a akazi awo akuling'ung'udzira nyimbo. Amisiri anakweza wailesi.

Masiku anapita chomwecho. Akazi awo sankakangana nawo. M'mawa ankawalonjera mwaulemu, kuwafunsa ngati agona bwino, n'kupitiriza ntchito zawo, mphuno ikuchucha, manja atang'ambika ndi chisanu. Ulemu umenewo unkawawawa Amisiri kuposa mwano. Mzime ankamuona patali, akuyanika matewera kapena akuwothera dzuwa khanda lili kumsana, ndipo akangomva mapazi a bambo ake ankalowa m'kanyumba kaja ngati mbewa yaona mphaka. Anali mwana yemweyo amene kale ankawachingamira pamsewu n'kuwalanda chikwama cha zida.

Popeza sankadziwa kusunga moto, nkhuni zinkawathera msanga. Loweruka lina anakankha wilibala kupita kwa mayi wogulitsa nkhuni, yemwe anali ndi malo ake pafupi ndi mlatho. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu osasa, wosasowa chonena. Atawaona akubwera okha anawomba m'manja, nati lero ndiye awabera bwinobwino popeza wapolisi wawo sanabwere naye.

Ankanena Mzime. Kuyambira ali wamng'ono mtsikanayo ankatsagana ndi bambo ake kogula nkhuni, ndipo ndi iye amene ankasankha. Ankagundanitsa nkhuni ziwiri pafupi ndi khutu: zikalira ngwe, ndi zouma, zikangoti phu, ndi zaziwisi. Ankayang'ana ming'alu kumapeto, ankakanda khungwa ndi chala, ndipo akapeza yaiwisi itabisala pakati pa mtolo ankaiika pambali n'kumuyang'ana mayi uja osanena kanthu, mpaka mayiyo kuseka n'kusintha.

Amisiri anatola nkhuni ziwiri n'kuzigundanitsa. Sanamve kusiyana kulikonse. Mayi wa nkhuni anawalanda, naponya imodzi pamulu wina, n'kuyamba kuwasankhira yekha. Akusanja m'wilibalamo anati sakufunsa kumene kuli mtsikanayo, chifukwa pamlatho pamadutsa nkhani zonse. Amisiri anati abwera kudzagula nkhuni, osati uphungu.

"Uphungu ndi basera, sindilipiritsa," anatero mayiyo. "Taonani iyi, Amisiri. Ndi yaiwisi. Mukaiika payokha ingofuka n'kuzima, anthu n'kumati ndi nkhuni yachabe. Koma mukaitsamiritsa pa zouma imayaka ndithu. Mwana uja ndi wamuwisi. Mwamuchotsera zouma zonse."

Anatenga kamtolo ka tinkhuni towaza bwino, touma gwa, nakaika pamwamba, nati n'ka khanda. Amisiri anakachotsa. Mayiyo anakabwezera, osawayang'ana n'komwe.

"Ine bambo anga adandipirikitsa ndili pamsinkhu womwewo," anatero akumanga chingwe. "Adamwalira tisanaonanenso. Mpaka lero sindidziwa amene adapambana."

Amisiri anakankha wilibala yawo kubwerera kunyumba. Pofika pakhomo anasanja nkhuni pansi pa denga la khonde, pomwe mvula siifika. Kamtolo kaja anasowa pokaika. Pomaliza anakasiya pamwala wa pakati pa bwalo, ngati kagwa kokha. Kanakhala pamenepo masiku angapo, popeza m'kanyumba kaja munalibe poyatsira moto, ndipo akazi awo ankangokalambalala.

Sabata yotsatira kunachita mitambo ndi mvula yamawawa yosakata. Amisiri ali kushedi, wantchito wa kusitolo anabwera ndi uthenga woti chitofu cha kunyumba kwa bwana wake chikufuka, utsi ukudzaza nyumba, abwere adzachione. Poyamba anafuna kumubweza ndi mawu oti sangawabwereze kwa bwana wakeyo. Chichitikireni nkhani ija anali asanapondeko kumeneko. Koma mtima wa ntchito unawagwira. Chitofu chopangidwa ndi manja awo sichifuka, ndipo sakadalola kuti anthu aja, atawalanda ulemu wa pakhomo, awalandenso wa pantchito. Anatenga makwerero, waya ndi burashi.

Mwini sitolo anawalandira ngati palibe chidachitikapo. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, nawafunsa za ntchito, za nyengo, za msana. Pabalaza panali kapeti yofewa ndi fungo la utsi. Pafupi ndi chitofu, pampando wa khushoni, panakhala mnyamata uja, bulangete lili m'miyendo, mabuku ali mbwee pakatebulo. Ataona amene walowa anaimirira mofulumira mpaka buku kugwa. Mayi ake anamuuza kuti akhale pansi, asasokonezeke, n'kumuikira tiyi wamkaka pambali.

Amisiri anazimitsa moto, nakwera padenga. Vuto analiona msanga. Chumuni chinali chitatsekeka ndi mwaye wamafuta, wonga phula, chifukwa ankasonkha nkhuni zaziwisi. Anakolopa paipi ndi waya, mawawa akuwalowa m'khosi, zala zitachita dzanzi. Atatsika anachotsa zinyalala zomwe zinagwera m'kati, nakoleza moto. Tsopano anali ataphunzira: tinkhuni pansi, zokulirapo pamwamba, mpata wa mpweya pakati. Moto unagwira nthawi yomweyo, utsi n'kukwera bwino.

Mwini sitolo anakondwa. Anati utsi uja ukadamupweteka mnyamata, chonsecho mayeso ali pafupi ndipo nyumba yonse ikuyenda monyang'ama kuti awerenge mwamtendere. Kenako anatsitsa mawu, nati zija n'zakale, ana amalakwa, mnyamata ndi mnyamata basi, akuluakulu asadane chifukwa cha masewera a ana.

Amisiri anayang'ana mapazi a mnyamatayo, omwe anali atawasendezanso kufupi ndi chitofu, ali m'sokosi zaubweya. Ana awiri adalakwa chinthu chimodzi. Wina anali apa, ndipo iwo omwe ndi amene anangomukolezera moto. Analongedza zida zawo, ndipo tiyi yemwe anawapatsa anamusiya osamukhudza.

Ali pachipata anamva mapazi kumbuyo. Anali mnyamata uja, atatuluka wopanda nsapato, akucheukacheuka kuopa makolo ake.

"Bambo, pepani. Ndimangofuna kudziwa. Mwanayo ali bwanji? Akufanana ndi ndani?"

Amisiri anafuna kumulalatira, koma nawonso sankadziwa kuti mwanayo akufanana ndi ndani. Khandalo linkagona pabwalo pawo pomwe, ankalimva likulira tsiku ndi tsiku, koma nkhope yake anali asanaionepo.

"Ukafuna kudziwa, njira ukuidziwa," anatero. "Koma ubwere masana, ndi bambo ako."

Sanabwererenso kushedi. Analunjika kunyumba, makwerero ali paphewa, akuyenda mofulumira kuposa m'mene msinkhu wawo unkalolera. Pakhomo panali zii. Matewera anali pachingwe akunyowa ndi mvula, chinthu chimene akazi awo sakadalola. Anaitana, palibe anayankha. Chitseko cha kanyumba kaja chinali chotsegula, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni zonsezi analowamo.

Kuzizira kwa m'menemo kunawalowa m'mafupa nthawi yomweyo. Pansi panali simenti yonyowa. Matiresi anali atayalidwa pamwamba pa malata akale ndi makatoni. M'ming'alu ya khoma munali mutatsekedwa ndi nsanza, ndipo anazindikira juzi yabuluu ya akazi awo, yomwe adawagulira okha, itadulidwadulidwa. Mphepo inkalowabe pansi pa chitseko. Pakona, pamwamba pa chitofu china chakale chopanda paipi chomwe adachitaya kalekale, panali mabuku a sukulu a Mzime, atakutidwa ndi pulasitiki kuti asanyowe. Limodzi linali lotsegula, pensulo ili pakati. Anali akuwerengabe.

Mayi woyandikana nawo nyumba ndi amene anawauza, ali kuseri kwa mpanda, kuti khanda linayamba kubanika chakumasana, tinthiti tikulowa m'kati likamapuma, ndipo athamangira nalo ku chipatala. Anawauza mosawayang'ana kumaso.

Ku chipatala anawapeza m'chipinda cha ana. Khanda linali pabedi, kachubu kali m'mphuno, Mzime atagwada pambali atagwira kadzanja kake. Akazi awo anali pabenchi, nsapato zili matope okhaokha. Amisiri anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Namwino, mayi wachikulire wa magalasi, anafunsa ngati iwo ndi agogo ake a mwanayo. Anavomera ndi mutu.

Namwinoyo anati ndi chibayo, ndipo achita mwayi kuti afika nthawi yabwino. Kenako anayamba kuwakalipira onse pamodzi, mwa chizolowezi cha anamwino. Anafunsa ngati kunyumbako kulibe moto, poti mwana wafika thupi lili ngati latuluka m'madzi. Mzime anazolika. Akazi a Amisiri anayang'ana nsapato zawo, nati nyumba yake ndi yozizira basi.

"Ndiye muchitepo kanthu," anatero namwino akulemba. "Khanda silipikisana ndi chisanu ichi. Kumsewu uko akuti kuli mmisiri wodziwa kupanga zitofu za nkhuni. Mukamupeze, mumudandaulire, mwina angakuchitireni chifundo."

Amisiri akadatha kungokhala chete, ndipo akazi awo sakadawaulula mpaka kumanda.

"Mmisiriyo ndine, mayi," anatero. "Ndipo kunyumbako moto ulipo."

Namwino anawayang'ana pamwamba pa magalasi, nayang'ana Mzime, nayang'ananso iwo. Anatseka faelo yake n'kutuluka.

Amisiri anasendera kubedi. Kankhope kanali kakang'ono kuposa chikhatho chawo, kamphumi kotakata, timakutu totuluka pang'ono ngati tawo. Kachifuwa kankakwera ndi kutsika mofulumira ngati ka mbalame yogwidwa m'manja. Anafuna kukakhudza, koma ataona zala zawo zakuda ndi mwaye wa kwa mwini sitolo anazibweza. Mzime sanadzutse mutu. Akazi awo anasendera pabenchi n'kusiya malo, ndipo anakhala pambali pawo. Patapita nthawi anamva dzanja lozizira, long'ambika, likugwira lawo.

Khanda linakhala m'chipatala pafupifupi sabata, ndipo masiku amenewo shedi ya pamsewu inali yotseka. M'mawa Amisiri ankapititsa chakudya chophika okha, chomwe akazi awo anati n'chabwino kwa munthu wodwala chifukwa sichikoma kanthu. Masana ankagwira ntchito panyumba. Anachotsa katundu m'chipinda chogundana ndi balaza, chomwe khoma lake limafunda chitofu chikayaka. Anaboola khomalo m'mwamba n'kuikapo kawindo ka waya kuti mpweya wofunda uzidutsa. Anamata ming'alu ya mawindo, nakhomera mphira pansi pa chitseko. Anakolopa chumuni chawo chomwe, ngakhale chinali chisanatsekeke. Mabuku a Mzime anawanyamula okha, nawasanja pashelefu yomwe anaiwotcherera tsiku lomwelo.

Anapitanso pamlatho. Mayi wa nkhuni anali atamva kale. Ulendo uno sanaseke. Anawatengera kuseri kwa mulu, komwe ankasunga nkhuni zouma za chaka chatha zomwe sankagulitsa kwa munthu wamba, nawauza kuti atenge zokwanira chisanu chonse, ngolo ibweretsa. Anawalangiza kuti asamawunjike zambiri nthawi imodzi, khanda silifuna ng'anjo, limafuna kufunda kosaduka. Amisiri anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

Tsiku lotuluka kunacha bwino, dzuwa lili ngwee koma mphepo ikuluma. Amisiri anakoleza moto m'mamawa kuti makoma ayambe kufunda, n'kukawachingamira pamsewu. Amayi angapo oyandikana nawo anabwera kudzaona mwana, naima m'mbali mwa mpanda. Akazi awo analowa m'nyumba ndi katundu. Mzime, khanda lili pachifuwa, anafika pakhonde n'kuima.

Amisiri anatsegula chitseko chonse, mpweya wofunda n'kutuluka. Anamuuza kuti alowe msanga mwana angazizidwe. Mzime sanasunthe. Anali ataonda, maso atalowa m'kati, koma anawayang'ana bambo ake kumaso, zomwe anali asanachite kwa miyezi.

"Bambo, mudati ndisadzakhalenso pamoto wanu. Mudanena anthu akumva. Ndikalowa lero chifukwa choti mwana wadwala, akachira ndidzabwereranso kuseri?"

Amisiri anali munthu wolankhula ndi manja. Ankayembekeza kuti shelefu, kawindo ndi mulu wa nkhuni ziwalankhulira. Anaona kuti sizikwanira. Anacheukira kumpanda, komwe amayi aja ankanamizira kuyang'ana kwina, ndipo anakweza mawu kuti nawonso amve.

"Ndidanena pagulu, ndibweza pagulu. Iwe udalakwa kamodzi, mwana wanga. Ine ndakhala ndikulakwa m'mawa uliwonse. Nyumbayi ndi yako lero, idzakhala yako chisanu chikatha. Undikhululukire."

Mzime analuma mlomo. Misozi inatsika, koma sanaipukute chifukwa manja onse anali pa mwana. Anati nayenso akupepesa, ankafuna kunena kalekale koma ankasowa poyambira. Amisiri anati zimenezo akambirana atakhala pansi, pakhonde si pokambira. Anamugwira paphewa n'kumulowetsa.

Anamukhazika pampando wawo womwe, wa pafupi ndi chitofu. Akazi awo anabwera ndi beseni la madzi ofunda ndi sopo, naliika pamaso pa amuna awo. Amisiri anamvetsa. Anasamba m'manja mosamala, akutsuka m'zikhadabo, napukuta, n'kukhala pampando wina. Akazi awo anatenga khanda kwa Mzime n'kuliika m'manja mwawo, akuwakonza chigongono kuti mutu utsamire bwino, nawauza kuti ameneyo si silinda ya gasi, asamufinye.

Linali lopepuka modabwitsa. Linatsegula maso, linayang'ana ndevu zawo, n'kuyasamula. Amisiri anaopa ngakhale kupuma mwamphamvu.

Akuyang'anabe khandalo, anayamba kuuza Mzime zomwe anaganiza. Anati mwana akalimba apita limodzi kwa aphunzitsi aakulu kukapempha malo, chaka chino chikakanika ndiye chamawa. Masana mwana azikhala ndi agogo ake aakazi, ndipo iwo azibwerako msanga kushedi. Anatinso pali nkhani ina ya kusitolo yomwe adzamuuza akapumula, ndipo chochita nayo adzasankha yekha. Anafunsa ngati masamu aja akuwakumbukirabe.

Mzime anati akuwakumbukira, kungoti pena ndi pena, ndipo mawu anathera pomwepo. Amisiri atadzutsa maso anaona mutu wake utagwera pambali, pakamwa patatseguka pang'ono, manja ali lende. Anali atagona tulo tomwe sanagone chibadwire mwanayo. Akazi awo anamuvula nsapato pang'onopang'ono n'kumufunditsa.

Panja panamveka odi. Anali mwini wa chitofu china chomwe chinatsala chopanda chitseko kushedi, akufunsa ngati Amisiri alipo, poti wakhala akuwasowa sabata yonse. Akazi awo anawayang'ana. Amisiri anayang'ana mwana wawo ali m'tulo, nayang'ana mdzukulu wawo yemwe anali atagwira batani la malaya awo ndi tizala tonse.

"Kamuuzeni abwere mawa," ananong'ona. "Lero manja ali ndi ntchito."